Mphuno ya Chitsime Chathu

Uthenga unandipeza Lachinayi m'mawa, cha m'ma naini koloko, ndili pamsika ndikudulira munthu tofu, chakudya chopangidwa ndi soya. Foni inalira m'thumba la epuloni. Nditaona dzina ndinayamba ndaiyang'ana kaye, chifukwa anali a Phiet, ometa tsitsi oyandikana nafe nyumba, amene anali atatha miyezi seveni osatilankhula. Sanandipatse moni. Anangoti, "Mui, tseka malondawo ubwere. Achimwene ako agwa pakhoma langa." Mmene ndimatsika panjinga yamoto n'kuti atawafunditsa kale nsalu yoyera yometera ya a Phiet.

Ine sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi, ndiye mundikhululukire ngati mawu sakuyenda bwino. Ndikufuna ndinene za achimwene anga, a Khong Van Tuat, mmene analili. Ndikufunanso ndiwongole nkhani imodzi imene anthu a m'kanjira kathu kuno ku Hanoi akuidziwa mokhota. Anaikhotetsa ndine.

Achimwene anabadwa mu 1958, kundisiya ine ndi zaka naini. Nyumba yathu ndi yomweyo tinabadwiramo, yopapatiza ngati zinzake zonse, yoti ukatambasula mikono kawiri wafika khoma lina, koma yaitali kupita kumbuyo. Makoma athu amatsamirana. La kumanzere ndi la a Phiet, moti akatsokomola kwawo ife timamva. Kuseri, pakabwalo kochapira, bambo athu anakumba chitsime, ndipo tofu wathu ankatchuka chifukwa cha chitsime chimenecho. Soya aliyense amagula kumsika womwewo. Chimasiyanitsa ndi madzi.

Bambo anamwalira achimwene akadali mnyamata. Achimwene anapita kuusilikali kumalire a kumpoto, anabwerako khutu limodzi litagontha, ndipo m'mawa mwake anavala epuloni ya bambo. Kuyambira pamenepo moyo wawo unali umodzimodzi. Kuviika soya, kupera, kusefa pansalu, kuphika, kuthira madzi owawasa kuti agwirane, kupanikiza m'zikombole zathabwa. Manja awo anali otuwa ndi ofota ngati a munthu wochapa tsiku lonse. Sanali olankhulalankhula. Munthu akayamba miseche ankangomutembenuzira khutu logonthalo n'kumamwetulira, wamisecheyo mpaka kutopa yekha.

Amene ankawatsegula pakamwa anali a Phiet basi. Masana ntchito ikatha ankakhala pakhomo pa ometawo, patimipando tapulasitiki, tchesi pakati, kaliwo wansungwi akulandirana.

"Khala uko, mdala iwe, ukununkha soya," a Phiet ankayamba choncho.

"Wometa wadazi. Makasitomala ako akakuona mutuwo amaganiza chiyani?"

"Amaganiza kuti ndinayamba kuphunzirira pa ine ndekha. Sewera."

"Ndisewere chiyani, hatchi yako yafa kale."

Zaka fote, mawu omwewo, ndipo tsiku lililonse ankaseka ngati ndi atsopano.

Ine ndinakwatiwa kutsidya kwa mtsinje. Patatha zaka sikisi popanda mwana, amuna anga anabwera ndi mkazi wina, ine n'kupatsidwa chikwama changa. Ndinalowa m'kanjira kathu dzuwa lili pamutu, amayi onse atakhala pamakomo, maso ali pachikwamacho. Achimwene anatuluka manja ali mbuu ndi soya, analandira chikwama, n'kunena mokweza kuti aliyense amve, "Wachedwa, Mui. Nsalu zosefera zikukudikira." Sanandifunse kanthu tsiku limenelo, ndipo sanadzandifunsenso. Koma kanjira kanandinena zaka zitatu. Ndinkatuluka maso ali pansi.

Tsopano za chitsime. Anthu atachuluka, aliyense n'kumaboola chake, madzi athu anathawira pansi. Achimwene anaitana anthu oboola, n'kulowetsa paipi yachitsulo mkati mwa chitsime chakalecho, mamita sate kupita pansi. Tinamwa madzi amenewo zaka zambiri, mpaka madzi a m'mipopi atafika, aboma n'kunena kuti zitsime zitsekedwe. Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti chitsime sutseka chonse. Umathira mchenga ndi miyala pang'onopang'ono, koma umasiya kapaipi kotulukira pamwamba, mphuno yake, kuti mzimu umene uli mwini chitsime uzipuma. Achimwene anati zimenezo n'zachikale. Anakwirira chitsime, paipi yachitsulo ija n'kuivundikira ndi chotsekera cholimba, n'kuyala matailosi.

Chaka chomwecho akazi awo, alamu anga a Sen, anayamba kubanika. Chifuwa chinawatseka, ankapuma ngati akukoka mpweya m'kabowo ka singano. Anamwalira dzinja lisanathe. Madokotala ananena zawo. Ine ndinapita kwa mayi wina woombeza, ndipo asanamve zambiri anandifunsa, "Kwanu mwatseka chiyani?" Nditabwerako ndinafotokozera achimwene. M'mawa mwake ndinawapeza atagwada pakabwalo, atatukula tailosi imodzi, akuchotsa chotsekera chija. Anaboola kabowo patailosiyo, anaibwezera, pamwamba pake n'kuikapo kashelefu kofiira ka zofukiza. Kuyambira pamenepo, mwezi ukaoneka ndi pamene wakhwima, ndinkayatsa zofukiza pamenepo. Ndikayandikitsa dzanja pakabowoko ndinkamva kamphepo kozizira. Mtima wanga unkakhala pansi.

Zaka zinapita. Kenako tinamva kuti njanji ya pansi pa nthaka idutsa kunsi kwa kanjira kathu. Chimakina choboolacho anthu ankangochitcha Mfuko. Chisanafike, anabwera anthu a zipewa zoyera. Anajambula ming'alu yonse ya m'makoma, anakhoma timisomali tamkuwa m'munsi mwa nyumba iliyonse, kutsogolo ndi kumbuyo, toti aziyezera ngati nyumba ikutsika. Wolowa m'nyumba ndi mapepala anali mtsikana injiniya dzina lake Diep, wamfupi, nsapato zazikulu kuposa miyendo yake. Tsiku limene anafika kwathu achimwene anali atapita kukasiya tofu kumalesitilanti. Diep anavula nsapato zake pakhomo, ine n'kumuthirira tiyi.

"Azakhali, ndikufotokozereni bwinobwino kuti musamve za m'maluwa," anatero. "Makinawo ali ngati chimgolo chachitali, kutsogolo kuli mano ozungulira. Akamatafuna dothi, timapopera thovu ndi matope kutsogoloko mwamphamvu, kuti dothi la pamwamba lisagwere mkati. Kumbuyo timayala mphete zakonkire. Adutsa mamita twente pansi pa mapazi anuwa. Nyumba zitsika ndithu, sindikunamizani, koma pang'ono, osakwana kunenepa kwa kachala kakang'onoka. Zikatsika pamodzi palibe vuto. Chimene timaopa n'chakuti ngodya imodzi itsike inzake itatsalira. Pamenepo khoma limang'ambika."

"Nanga zitsime mukufunsa m'makomomu n'zachiyani, mwanangu?"

"Botolo la chakumwa mukaligwedeza, kenako n'kuliboola, chimachitika n'chiyani? Thovu lathu likapeza paipi yosatseka limathawira mmenemo. Likathawa, kutsogolo kwa makina kulibenso chogwira dothi. Dothi limatsetsereka, maziko a nyumba n'kulitsatira. Ndiye chitsime chilichonse tikuchithira simenti mpaka pansi penipeni."

"Osasiya ndi kampata komwe?"

"Ngakhale kolowa udzu."

Ndinamva chifuwa changa chikuthina. M'maganizo ndinaona alamu anga a Sen atatsamira pilo, milomo itachita bii. M'nyumbamo tinatsala awiri, ndipo achimwene anali atayamba kale kutsokomola nthawi yozizira.

Tinapita kuseri. Diep anaima masitepe awiri okha kuchokera pakashelefu kofiira kaja.

"Apa panali chitsime, eti?"

"Tinakwirira kalekale. Mchenga, miyala, pamwamba simenti."

"Munalibe paipi yoboola mkati?"

"Munalibe."

Anayang'ana kashelefu. "Nanga apa?"

"Ndi pa mwini malo."

Mwanayo anaweramitsa mutu pang'ono kupereka ulemu, ndipo sanakagwire. Analeredwa bwino. Ulemu wakewo ndi umene ndinamubera nawo.

Pepala linkafuna dzina la mwini nyumba, ndiye analisiya n'kupita kaye kwa a Phiet. Achimwene atafika ndinawapatsa cholembera. Magalasi awo anali m'chipinda cham'mwamba.

"N'zachiyani?"

"Za zithunzi za makoma zija. Lembani apa."

Analemba, n'kupita kukatsuka zikombole.

Patatha masabata awiri, anthu a zipewa anabwera ndi mapaipi a simenti, n'kuthira zitsime m'nyumba zitatu. Achimwene anaima pakhomo n'kumaonerera. Atalowa anandifunsa, "Nanga chathu? Ukudziwa kuti paipi ija ndi yaitali."

"Anaiona tsiku lija. Akuti yathu ili pambali, makina sadutsapo."

Anandiyang'ana pang'ono, n'kugwedeza mutu. Nkhani iyi isanabwere ine ndinali ndisanawanamizepo chibadwire, ndiye analibe chifukwa chokayikira.

Mfuko unkayenda mamita teni patsiku. M'mawa uliwonse oyeza ankabwera ndi chida chawo cha miyendo itatu, n'kumayang'ana timisomali tija. A Phiet sankawasiya.

"Mwanangu Diep, Mfuko wako wafika pati lero?"

"Pansi pa ogulitsa mpunga, malume."

"Ukauuze ukafika pansi pa mdala uyu utseke mphuno."

"Ukafika kwa iwe uterereka, pansi pako n'posalala ngati mutu wako," achimwene anayankha.

Utayandikira tinkaumva m'mapazi, kamkokomo kapansipansi, tiyi n'kumanjenjemera m'kapu. Diep ankalemba manambala pabolodi la zidziwitso. Mamilimita anayi, mamilimita sikisi, nyumba zonse mofanana, monga ananenera. Ine ndinkayatsa zofukiza tsiku lililonse tsopano. Ndinkadziuza kuti paipi ndi yaying'ono, pansi ndi patali, zidutsa.

Linali Lachiwiri masana, cha m'ma thu koloko, titangomaliza kudya. Kuseri kunamveka kulira ngati ketulo yawira. Achimwene sanamve, khutu labwino linali kukhoma. Ine ndinamva ndipo ndinadziwa. Ndisanaimirire, tailosi ija inaphulika, kashelefu n'kuuluka, ndipo matope otuwa osakanikirana ndi thovu anatumphuka mpaka pawindo la m'mwamba. Anali ofunda, akununkha sopo ndi dambo. Anadzaza kabwalo, analowa m'khitchini, anakwirira zikombole ndi soya woviika, n'kutulukira khomo lakutsogolo kupita m'kanjira. Achimwene anatenga thabwa lopanikizira tofu, analiika pabowo n'kukhalapo, munthu wa zaka sikisite sikisi, matope akuwatulukira m'mbali. Diep analowa akuthamanga, nsapato osavula ulendo uno, foni ili kukhutu, akuuza a pansi kuti aimitse makina. Ataona paipi yachitsulo ija anasiya kulankhula. Anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana matope.

Panatha pafupifupi ola lathunthu kuti zileke. Tinkaganiza kuti vuto ndi matopewo, tinayamba kukokolola. Vuto lenileni linaoneka m'mawa mwake. Chitseko chachitsulo cha a Phiet chinakana kutseguka mpaka anachita kuchimenya. Lalanje linagwa paguwa la makolo awo n'kugubuduzika lokha mpaka kukhoma lakumbuyo. Galasi lalikulu lometera linang'aluka pakati popanda woligunda. Pofika madzulo, mng'alu unali utayenda kuchokera pawindo mpaka pangodya, woti dzanja n'kulowa. Oyeza anati ngodya yakumbuyo yatsika mamilimita fote eyiti, yakutsogolo naini okha. Nyumba yawo inali ya nsanjika zinayi pamaziko osaya, ndipo dothi linatsetsereka pansi pa ngodya imeneyo ndendende. Yathu, imene munatulukira zonsezi, inangong'aluka pang'ono.

Mabanja sikisi, kuphatikizapo lathu, anauzidwa kuti atuluke. Ndinaona a Phiet akutsika masitepe pang'onopang'ono, atakumbatira mphika wa zofukiza wa makolo awo, atauphimba ndi nsalu yofiira. Nyumba imeneyo anaimanga ndi lumo ndi sizasi, chipinda chimodzi chimodzi.

Msonkhano unachitikira mu holo ya dera. Kanjira konse kanabwera. Bwana wake wa Diep anali ndi pepala lija m'manja, ndipo anayamba ndi mwanayo pamaso pa anthu onse.

"Nyumba iyi unalowamo?"

"Ndinalowamo."

"Za paipi unafunsa?"

"Ndinafunsa."

"Anakuyankha ndani?"

Diep anatembenuka kundiyang'ana. Ine ndinkangoona amayi aja atakhala m'mizere, omwe aja anaonerera chikwama changa. Diep asanatsegule pakamwa, achimwene anaimirira. Anali atavala magalasi tsiku limenelo, ndipo pepalalo anali ataliwerenga litazungulira.

"Dzina lili papepalapo ndi langa, ndinalemba ndekha," anatero. "Paipi ndinaboola ndine, ndipo ndinkadziwa kuti ndi yotsegula. Mwanayu musamuvutitse, anagwira ntchito yake."

Mu holo munachita phokoso. Koma ine ndinamva mawu amodzi okha, otsika, a a Phiet.

"Tuat. Unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Unkakhala pakhomo panga tsiku lililonse, tikuseka za Mfuko, uku ukudziwa."

Chimene ndinaona n'chakuti achimwene anatembenuzira a Phiet khutu labwino lija, n'kuima choncho mpaka mnzawoyo atamaliza zonse. Sindizibwereza pano.

Pobwerera ndinawagwira malaya. "Achimwene, ndibwerere ndikanene."

"Ukanene chiyani? Paipi ndinaboola ndine. Chotsekera ndinachotsa ndine. Ndanama pati?"

"Simunadziwe zimene munalemba."

"Ndikanakwera kukatenga magalasi. Ulesi unali wanga." Tinayenda pang'ono. "Unachitira Sen, ndikudziwa. Mwinanso unachitira ine. Kanjira aka kanakutafuna kamodzi, kwakwana. Ine ndili ndi khutu limodzi, ndizimva theka lokha."

Apa ndi pamene pali manyazi anga enieni. Bodza loyamba ndinganene kuti anali mantha. Koma atanena mawu amenewa, ine ndinapuma. Mtima unakhala pansi, ndipo usiku wake ndinagona tulo. Ndinawalola.

Tinapita kukakhala m'kachipinda ka lendi pafupi ndi msika wina, kumene sankatidziwa. Achimwene ankapangira tofu mmenemo, ine n'kumagulitsa. Makasitomala akale anachoka onse. Anthu amene anakulira tofu wathu ankawoloka msewu akawaona. Wina analemba mawu pachitseko chathu ndi makala, achimwene anakapukuta osandiuza kuti analemba chiyani.

A zipewa zoyera anatseka paipi ija, anapopera simenti pansi pa maziko a nyumba zonse sikisi, ndipo Mfuko unadutsa n'kupita kwina. Patatha miyezi iwiri mabanja anayi anabwerera. Ifenso anatiuza kuti tikhoza kubwerera, koma achimwene anakana. "Phiet akalowa m'nyumba mwake, nanenso ndilowa mwanga." Nyumba ya a Phiet inali itachirikizidwa ndi zitsulo. A zipewa anati aidikira kaye aone ngati yaleka kutsika. Pamng'alu paja anamatapo timagalasi topingasa, toti khoma likangosuntha pang'ono timasweka. A Phiet anasamukira kwa mwana wawo, ndipo ankametera panja, pamene kanjira kathu kamakumana ndi msewu, kagalasi kakang'ono atakapachika pakhoma la eni ake.

M'mawa uliwonse, akamaliza kupanikiza tofu, achimwene ankakwera njinga yawo kupita kukanjira. Ankadutsa pa a Phiet n'kunena, "Wadzuka bwanji, Phiet." A Phiet ankangopitiriza kumeta. Achimwene ankalowa, n'kuyang'ana timagalasi tija kamodzikamodzi, n'kulemba m'kope la ana asukulu mmene Diep anawaphunzitsira. Kagalasi kakasweka ankabwera osafuna kudya. Tsitsi lawo linakula mpaka pakhosi la malaya, loyera, losokonekera. Ndinati, "Pamsika pano pali wometa." Anati, "Wometa ndili naye."

Diep ndinakumana naye kamodzi pamsewu. Ndinafuna kukhota koma anali atandiona. Anandipatsa moni mwaulemu monga kale, kenako anati, "Azakhali, ndikanasuntha kashelefu kaja. Ndimaganiza zimenezo tsiku lililonse." Mwana wa eni ake anasenza mbali yake, achimwene anasenza yanga, ine n'kumangodula tofu.

Kangapo konse ndinavala kuti ndipite kwa a Phiet. Ulendo wina ndinafika mpaka tsidya la msewu, n'kuwaona akunola lumo. Ndinagula mandimu amene sindinkawafuna n'kubwerera. Ndinkati ndidikire nyumba yawo ikonzedwe kaye, mitima izizire. Ndinkaona ngati nthawi ilipo.

Za Lachinayi lija anandiuza ndi a Phiet eni ake. Akuti achimwene analowa m'kanjira monga mwa masiku onse, kenako anatulukanso mofulumira, kope lili m'manja, n'kuima pafupi ndi mpando wometera.

"Phiet, lero akwana masiku sikisite, palibe kagalasi kasweka. Nyumba yako yaima."

A Phiet anali ndi munthu pampando. Sanatembenuke. Achimwene anadikira pang'ono, n'kubwerera kukhoma kuja. Patapita mphindi zochepa mayi wina anakuwa. Adokotala anati mtsempha wa m'mutu unaphulika, sanamve ululu nthawi yaitali.

Thupi tinalitengera m'nyumba mwathu. Analowamo ndithu a Phiet asanalowe mwawo, koma atanyamulidwa. Masana a tsiku lotsatira, tisanawaike m'bokosi, a Phiet anafika ndi kabokosi kawo ka zometera. Sanayang'ane aliyense.

"Sangapite kwa makolo ake ndi mutu wotere, adzati ndi wamisala wa kuti," anatero. "Mui, gwira mutuwu."

Ndinagwada n'kuugwira. Sizasi inayamba kulira, kalilidwe kamene ndakhala ndikukamva kuseri kwa khoma moyo wanga wonse. Tsitsi loyera linkagwera m'manja mwanga. A Phiet ankalankhula chapansipansi, osati ndi ine.

"Taona mmene wadzichitira, mdala iwe. Ometa atha mu Hanoi muno? Mpaka pano ukununkha soya."

Pamenepo sindinathenso. Ndinanena zonse, mutu wa achimwene uli m'manja mwanga. Za Diep ndi kashelefu, za magalasi amene anali m'mwamba, za bodza lachiwiri loti paipi ili pambali. Ndinanenanso kuti mu holo muja achimwene anali atangodziwa kumene, pamodzi ndi wina aliyense.

Sizasi inaima pang'ono, kenako inapitiriza. Anamaliza mbali zonse, anapesa, anachotsa titsitsi pakhosi ndi kaburashi, anapinda nsalu yawo bwinobwino.

"Miyezi seveni, Mui," anatero. "Ankandipatsa moni m'mawa uliwonse."

"Ndikudziwa, a Phiet."

"Sukudziwa. Dzulo ndinamva zimene ananena. Ndinasangalala. Ndinati ndimalize kaye munthuyu, asaone ngati ndafewa msanga." Anatseka kabokosi. "Nyumba ndi njerwa, a zipewa akonza. Ichi wanditengerachi akonza ndani?"

Ndinagunditsa mutu pansi. Anaima pakhomo akuvala nsapato.

"Usauze ine ndekha. Mu holo muja munali kanjira konse."

N'chifukwa chake ndalemba izi. Ziwerengedwa pa tsiku la fote naini kuchokera pa imfayo, pamene tidzaperekeze mzimu wa achimwene, kenako ndikazimata pabolodi la zidziwitso, pomwe paja Diep ankalemba manambala. Amene munawoloka msewu, amene munasiya kugula, amene munalemba pachitseko, sindikukuimbani mlandu. Munkachitira zimene munamva. Koma dziwani kuti a Khong Van Tuat sananamize munthu. Analemba dzina lawo chifukwa chokhulupirira mlongo wawo, n'kuimirira mu holo kuti mlongo yemweyo asayendenso maso ali pansi. Mabanja faifi amene munasamuka nafe, ndi iwe mwanangu Diep, wolakwa ndine, Khong Thi Mui.

A Phiet alowa m'nyumba mwawo mwezi wamawa. Ming'alu aimata, koma akuti pansi sipadzawongokanso, lalanje lizigubuduzikabe. Amabwera kwathu sabata iliyonse, amayatsa zofukiza patsogolo pa chithunzi cha achimwene, amaika kahatchi ka tchesi pambali pa kapu ya tiyi, n'kutuluka. Ine sandilankhula. Ndimawapatsa moni, ndipo ndiziwapatsabe. Chitsime chili ndi simenti mpaka pansi, chilibe mphuno, ndipo ine ndikupuma bwinobwino. Zimenezinso zimandichititsa manyazi.

Ndilibe china chopempha koma ichi. Mukamayatsa zofukiza kwanu kapena kukachisi, muwonjezereko kamtengo kamodzi ka achimwene anga, kuti ayende njira yowala akakumane ndi a Sen. Muwakumbukire a Phiet ndi ana awo. Ndipo ngati mtima wanu ungalole, musatisiye ife otsala a banja la Khong m'mapemphero anu.